Pijo ya Che Bakali

Pali galimoto imene imadutsa pano m'mawa itasenza madengu a matemba, yabuluu ngati chitseko cha golosale, kumbuyo itakhala pansi ngati bakha. Ana a masiku ano amayesa inabadwa yotero. Ine ndikaiona mtima umandiwira, chifukwa ndinaidziwa ili m'manja mwa mwini wake, Che Bakali.

Che Bakali anabadwira kuno kwa Mwambo m'banja la asodzi, koma bwato ndi khoka sizinawagwire mtima. Ali mnyamata anapita ku Zomba nakalowa ntchito kwa Mmwenye wina wa sitolo, poyamba yotsuka galimoto, pambuyo pake yoyendetsa. Mmwenyeyo pochoka m'dziko muno anawagulitsa Pijo 404 ya ngolo kumbuyo pamtengo wofewa. Tsiku limene anafika nayo kuno azimayi anasiya misi m'mitondo. Inali yoyera motuwira ngati dzira la bakha, kutsogolo kuli kamkango kachitsulo, m'matayala muli mbale zowala zoti n'kumetera ndevu.

Kuyambira tsiku limenelo nsomba sizinakweremo. Amalonda a kudoko ankawanyengerera ndi ndalama zabwino, iwo n'kumangopukusa mutu.

"Madzi a Chilwa ndi amchere," ankatero. "Amadya chitsulo ngati chiswe."

Ankanyamula mpunga wa ku sikimu ya Likangala, matumba atawayalira mphasa pansi. Ankanyamulanso odwala ndi maliro, ndipo pa maliro sankalandira kanthu. Jeneza la Msilamu ndi bokosi la Mkhristu zinagonapo pa mphasa imodzimodziyo. Malemu mkazi wanga anapita nayo kuchipatala ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo mpaka ukalamba wake ankakamba mmene Che Bakali ankazembera maenje ngati anyamula mazira m'lichero.

Pobwera ku ulendo ankaitsuka ndi madzi a pamjigo, n'kuipukuta ndi mkanjo wawo wakale. Mvula ikagwa, msewu utasanduka makande, ankaikweza pa njerwa m'chisakasa, iwo n'kutenga njinga. Anthu ankaseka kuti galimoto yagona, mwini wake akupalasa. Ankaseka, koma magalimoto onse amene anabwera pambuyo pake anafera m'matope omwewo, Pijo ili chilili.

Anakwatira Mwanabibi, nakhala pamudzi pa mkaziyo monga mkamwini. Mulungu sanawapatse mwana. Mwanabibi, mayi wanthabwala, ankati akafunsidwa za banja lake amayankha kuti, "Ine ndine wamng'ono. Mkazi wamkulu ali m'chisakasamo, ndiye amayamba kusamba."

Chaka cha namondwe wamkulu uja, nyumba yawo ya zidina inagwa mbali imodzi, awiriwo n'kusamukira m'khitchini. Chisakasa cha galimoto sichinagwedezeke, pakuti anachimanga bwino kuposa nyumba, ndipo chimenechi chinawachititsa manyazi Che Bakali. Maso nawo anali atachita ng'ala, moti kuyendetsa anali atasiya. Tsiku lina tili chikhalire pakhonde panga anandiuza zimene zinali kumtima kwawo.

"Achimwene, ine ndikatsikira kuli chete, galimotoyi siikhala pano. Abwera ana a mlongo wanga, aitenga. Mayiwa atsala ndi mphasa."

Sananame. Kuno mwamuna akamwalira, katundu wake wooneka amatsata akwawo. Akuti lamulo linasintha. Mwina linasintha ku Zomba.

"Ndiigulitsa ndili moyo," anatero. "Ndiwasiyire nyumba. Nyumba ya pamudzi pawo palibe angaizule."

Woyamba kubwera anali Grain, wamalonda a nsomba wa kudoko. Analowa m'chisakasa manja ali m'thumba, namenya tayala ndi phazi.

"Ndamva mukugulitsa nkhalambayi, Che Bakali."

"Mwendowo bwezani."

"Mwati zingati?"

"Nyumba."

"Nyumba yanji?"

"Ya njerwa zootcha, zipinda ziwiri, malata pamwamba, simenti pansi. Mtengo wake ndi umenewo."

Grain anaseka mpaka kugwira mzati. "Chitsulo cha nthawi ya atsamunda ichi? Zipangizo zake ndikazifukula kumanda ati? Taonani penti yatha, chiwongolero ngati lichero. Ine ndikupatsani ya malata. Njerwa muumbe nokha, dothi ndi laulere."

"Mukunyoza ngati mukugula matemba ogonera," anatero Che Bakali. "Khomo ndi lomwe munalowera lija."

Grain sindimuimba mlandu waukulu. Kudoko amagula motero, kuyamba anyoza kenako n'kutulutsa ndalama. Koma Che Bakali tsiku limenelo sanadye.

Mwayi unadzera kwa mlangizi wina wa mpunga amene anaijambula galimotoyo pafoni. Chithunzicho chinayenda mpaka chinafika kwa mayi wina wa ku Blantyre, dzina lake Veronica, amene amasunga magalimoto akale n'kumanyamulira akwati. Anabwera yekha, fumbi lili m'tsitsi. Anaizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni.

"Bambo, ndingatsegule chitseko?"

Che Bakali anatembenukira kwa ine. Chiyambire palibe anali atawapemphapo chilolezo chotero.

Mayiyo anakhala pampando, nagwira wayilesi yakale, natsika n'kusisita boneti pamene penti inapyapyala ndi mkanjo uja.

"Pentiyi ndi yomwe inabwera nayo?"

"Yomweyo, mayi. Mipandonso ndi yomweyo."

Che Bakali atailiza injini, mayiyo anatseka maso n'kumvetsera. Kenako anafunsa mtengo, ndipo atamva za nyumba sanaseke. Anati aitane mmisiri awerengere zonse zofunika, iye adzalipira. Adzabwera pakutha pa mwezi ndi lole yodzainyamula, kuti isavutike ndi msewu wathu.

Polawira ananena mawu amene tonse tinawamva. "Chonde musavutike nayo. Musaikonze chilichonse. Ndikuifuna mmene ililimu."

Pa anthu amene anamva mawuwo panali Nasiru, mwana wa mlongo wa Che Bakali, bambo wa ana ake kale, wogulitsa njinga zakale pamsika. Ameneyu ndiye akanatenga galimotoyo mwini wake atamwalira, ndipo ankayenda pabwalopo ngati yatsala pang'ono kukhala yake.

Sabata yomweyo kuchipatala ku Zomba anaitana Che Bakali kuti akachotse ng'ala ija. Mwanabibi anapita nawo kukawadikirira. Makiyi anasiyira Nasiru kuti aziiliza injini m'mawa, batire lisagone. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Kuno mlendo akati musavutike, ndiye kuti gwirani nkhuku. Palibe amene amamvera mawu amenewo, ndipo wowamvera timamutcha womana. Kunonso chinthu sichipita pamalonda chili chotuwa. Bwato amalimata phula, njinga amaipaka penti, ngakhale mbuzi amaichotsa chisoso m'ubweya. Nasiru anaphatikiza ziwirizi m'mutu mwake. Anati mayi uja wangolankhula mwaulemu, ndipo ngati walola nyumba pa galimoto yofwifwa, pa yowala adzawonjezera, chowonjezeracho n'kukhala cha iye amene wavutika.

Anaiyendetsa mpaka kwa munthu wina wopaka zitseko za magolosale pamsika wa m'njira ya ku Zomba. Ndalama analibe, choncho analipira ndi wayilesi ija, mbale za m'matayala ndi kamkango. Wopakayo anapala penti yonse ndi sanipepa mpaka chitsulo kuonekera, napaka buluu ndi bulashi. Mipando anaisenda n'kuikuta pulasitiki wofiira. Mnzake wowotcherera anaboola ngolo n'kumangapo zitsulo zoti katundu azikwera pamwamba. Kumbuyo analembako ndi penti yoyera kuti ZONSE NDI NTHAWI.

Che Bakali anabwera diso likuona bwino, akuseka, akutchula mitengo imene anali asanaione zaka zambiri. Sanalowe n'komwe m'khitchini. Analunjika kuchisakasa, Nasiru ali patsogolo kunyadira.

Che Bakali anaima pakhomo.

"Galimoto yanga ili kuti?"

"Ndi imeneyi, amjomba. Ndaisambitsa."

Che Bakali anayandikira, nakanda boneti ndi chikhadabo. Pentiyo inali isanaume bwino, inawamata chala. Anasuzumira m'kati, naona dzenje pamene panali wayilesi.

"Iwe Nasiru, unamva zimene ananena mayi aja?"

"Ndinamva. Koma inunso amjomba, mlendo akati musaphike, mumazimitsa moto?"

"Galimoto ndi nkhuku?"

"Malonda ndimawadziwa ine. Njinga ndagulitsa zambirimbiri, palibe inapita yosapaka."

"Ine ndapukuta chitsulo ichi iwe usanabadwe. Amayi ako ndinawatengera muno kukakubereka. Ndakusiyira sabata imodzi, wandiphera." Anapukutira penti ya kuchala ija pamalaya awo. "Bola akanandisiya ndi ng'ala yanga. Anditsegula maso kuti ndidzaone izi?"

Anatola chitsulo chomasulira matayala, ndipo tikanapanda kuwagwira, bwenzi tikukamba nkhani ina. Nasiru anathawira kuseri kwa nkhokwe, akulankhulabe.

"Dikirani abwere eni ndalama. Mudzandithokoza."

Veronica anabwera ndi lole monga analonjezera. Anatsika akumwetulira, napereka moni kwa onse, nalowa m'chisakasa. Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana mipando, nayang'ana mabowo a m'ngolo, nayika dzanja pamene panali kamkango.

"Mwaona kuwala kwake, mayi?" anatero Nasiru. "Apa ndiye muwonjezerapo kangachepe."

"Yowala ndikanagula ku Blantyre konko, achimwene," anayankha osamuyang'ana. Kenako anagwada pafupi ndi Che Bakali amene anali atakhala pa njerwa. "Bambo, pepani. Chimene ndinkagula ine ndi zaka zonse zimene munaisunga osaisintha. Penti ija siibwerera. Kuti ndiibweze mwakale ndiwononga ndalama zoposa nyumba, ndipo idzakhalabe yokonzedwa."

"Injini ndi yomwe ija," anatero Che Bakali motsitsa mawu. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akupempha.

"Ndikudziwa, bambo. Koma sindingathe."

Lole inabwerera yopanda kanthu. Nasiru anauza anthu kuti mayiyo anali wonyada, ndalama analibe, anangopezerapo chifukwa. Ndipo ambiri anamuvomereza, ndicho chimene chimandipsetsa mtima koposa. Mpaka lero pamsika pali anthu amene amati mwanayo anachita bwino, galimoto inakongola, akutauni ndi ovuta. Palibe anamuitanira pabwalo. Palibe anamuuza kuti akatenge ngakhale kamkango kaja.

Mvula inali pafupi, denga la khitchini lili lobooka. Che Bakali anatuma uthenga kwa Grain.

Grain anabwera, ndipo ulendo uno tayala analimenya momasuka.

"Tsopano ikuoneka ngati galimoto ya ntchito," anatero akugwedeza zitsulo za pangolo. "Koma wayilesi mulibe, mbale mulibe. Pa mtengo uja ndichotsapo."

Che Bakali sanatsutse. Popereka makiyi anangoti, "Muziyala mphasa pansi."

"Nsomba sizigona pamphasa, Che Bakali."

Ndalamazo zinagula malata okwana chipinda chimodzi. Makoma tinaumba a zidina, ife anansi, ndipo mbali inayo tinafolera udzu. Che Bakali anagwira nawo ntchitoyo mwakachetechete. Diso lawo linkaona bwino, koma hutala ikalira kumsewu ankayang'ana kumunda. Chisakasa anachigwetsa okha, mitengo yake n'kupangira phaso la nyumbayo.

Anamwalira chaka chotsatira, nthawi yokolola mpunga. Jeneza lawo tinalinyamula pamapewa, pakuti galimoto imene inaperekeza maliro a mudzi wonse tsiku limenelo inali ku Limbe ndi matemba. Sadaka itatha Nasiru anabwera ndi abale ake kudzaona katundu wa amjomba awo. Anapeza njinga, jeke ndi bokosi la masipanala. Anatenga zonse.

Mwanabibi alipo, m'nyumba yake ya denga la mitundu iwiri. Mvula ikamagwa amakokera mphasa ndi ufa kuchipinda cha malata. Dzana ndinamupeza akupeta mpunga pakhonde pamene Pijo inkadutsa, madzi a nsomba akuchucha m'ngolo, dzimbiri litayamba kale kutuluka pansi pa buluu uja. Anaimitsa lichero n'kuiyang'ana mpaka inakhota.

"Mkazi mnzanga uyo," anatero. "Tonse awiri mwamuna watisiya pabwalo, koma iye ndiye wakwatiwa koipa."