Tinalengeza maliro a munthu wamoyo

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha zala basi. Ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ndinaphunzira kutayipa. Titabwerera kwathu kuno ku Chifunde, m'chigawo cha Tete, ndinangokhala wa khasu, mpaka Lamulungu lina a Fulujensiyo anandiimitsa pakhomo pa tchalitchi. Iwo ankatsogolera kagulu ka pa parishi kofufuza abale amene anasochera pa nkhondo. “Akuti mumadziwa makina,” anatero. Ndinavomera msangamsanga, chikhalirecho kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo.

Ofesi yake kachipinda chabe: kompyuta imodzi, sola padenga, batire la galimoto ndi foni ya satelayiti. Tinali pa lisita ya imelo. Ukalemba kalata imodzi ku adiresi ya lisitayo, inkafika ku maparishi onse a m'malire, kuno, ku Zambia ndi ku Malawi. M'mawa ndinkatsitsa makalata n'kuyamba kupeta. Zinyalala zinali mbwee! Ena akugulitsa mankhwala a mphamvu za abambo, ena akuti ndi olemera ofuna kutigawira chuma, ife a ku Chifunde. Ndinaphunzira kuyang'ana dzina la wotumiza, kufufuta osayankha, ngakhale kutukwana komwe ayi, chifukwa ukayankha amadziwa kuti adiresi ili moyo. Aneksu, chija amamata pa kalata, ndinkayamba ndachipima ndi antivairasi, pologalamu yosaka tizilombo toononga kompyuta. Koma antivairasi yathuyo inali nkhalamba, CD yatsopano inkachokera ku Tete ikafuna.

Mayi Esinta a ku Mualadzi anasiyana ndi mwana wawo Zakeyu pothawa, iye ali kamnyamata. Tinamupeza kudzera pa lisita, ku parishi ina ku Zambia, ali bambo wandevu. Analonjeza kubwera akakolola. Mayiwo ankayenda wapansi mtunda wonsewo kudzangofunsa kuti, “Walembanso mwana wanga?”

Tsiku lina kunabwera kalata ya dzina la katekisita amene tinkamudziwa bwino. Mutu wake unali wa maliro, mkati mwake mawu ochepa akuti tione aneksu. Antivairasi sinanene kanthu. Ndinakayika ndithu, popeza bambowo sankalemba choncho.

“Mwananga, awa ndi maliro,” anatero a Fulujensiyo. “Tidikire kufunsa, munthu aikidwe ife osadziwa? Tsegulani.”

Sindinatsutse, ndipo sindikanatsutsa. Kwathu kuno uthenga wa maliro umauperekeza ngakhale kwa munthu amene simulankhulana. Chikhalirecho mu aneksumo munali vairasi, ndipo amene anaipanga mwina sadziwa n'komwe kuti kuli Chifunde, koma anatigwira penipeni.

Ndinadina. Palibe chinatseguka. Kompyuta inangoyamba kulemera, kagetsi ka foni kali phethiphethi, kutumiza zinthu zimene ine sindinalembe. Pofika masana inakana kuyaka. Vairasiyo inali itadzitumiza kwa aliyense amene tinalemberanapo naye, ndi mutu womwewo wa maliro, m'dzina lathu. Woyang'anira lisita anatichotsa. Kompyuta inapita ku Tete kukakonzedwa, mvula n'kudula msewu, ife dzinja lonse tili duu.

Titabwereranso pa lisita, ndinalembera ku Zambia kufunsa za Zakeyu. Yankho linabwera lotere. Mlembi wa kumeneko anaona uthenga wa maliro wochokera ku Chifunde, aneksu inakana kutseguka, ndipo munthu yekhayo amene anali ndi m'bale kwathu anali Zakeyu. Anamuitana n'kumupepesa. Analembera ife kufunsa, osayankhidwa. Zakeyu analira, anameta, anagulitsa chimanga chake n'kulowera ku migodi osasiya adiresi.

Ine ndi a Fulujensiyo tinapita pa njinga kukawauza mayi Esinta. Ndinafotokoza za vairasi, a Fulujensiyo ali zyoli. Mayi Esinta anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Ndiye wandilira kale?” anafunsa. “Nanga tsiku langa likadzakwana, adzabwereranji?”

Aa, mpaka lero zimandiwawa. Tinalembera maparishi a ku migodi, tinatuma ndi oyenda malonda omwe, koma Zakeyu sanapezeke.

Chiyambire pamenepo aneksu imene sindikuiyembekeza sinditsegula ndisanafunse mwini wake, kaya ikhale ya maliro a ndani. Tinapempha woyang'anira lisita kuti aletse zomata zonse, aliyense azilemba dzina la womwalira, mudzi ndi tsiku m'kalata momwemo. Mayi Esinta atamwalira, uthenga wa maliro awo ndinaulemba ndekha choncho, n'kupempha kuti auwerenge m'matchalitchi onse. Pamanda panali ife a kagulu ndi anansi awo.