Kukanena ku Blantyre

Amuna anga anali a zamagetsi odzigwirira okha ntchito pa Mwanza boma, zaka zija za chipani chimodzi, magetsi atangofika kumene. Munthu wokonda malamulo ngati ameneuja sindinamuone. Laisensi yawo ndi pepala la inshuwalansi anazipachika pakhoma m'galasi, zithunzi za ukwati wathu zili m'sutikesi.

Lamulo linali loti ukamaliza kuika mawaya m'nyumba, udziwitse a kampani ya magetsi kuti atumize munthu adzayeze asanalumikize. Zimenezi amuna anga ankangoti kukanena. Koma masiku amenewo munthu akakanenedwa kuboma, galimoto inkabwera, osamuonanso.

Amuna anga anagwira ntchito kwa bambo wina wa golosale, amene akazi awo anali a ku Mozambique. Bamboyo anali olongolola. Amuna anga ali pamakwerero, iwo pansi akudandaula za makhadi a chipani, kuti tsono mpaka khanda ulidulire. Tsiku lomaliza, akupukuta m'manja, amuna anga anati: "Ndakanena kale ku Blantyre. Abwera sabata yamawa, musachokepo."

Akuti bamboyo anangoti zikomo. Kutacha, nyumba inali yokiya, zovala zili pachingwe, nkhuku zikuyendayenda pakhonde. Banja lonse linali litaoloka malire.

Woyeza uja anabweradi, amuna anga n'kumutsegulira ndi kiyi amene anali akadali naye. Zonse zinali bwinobwino. A kampani atadzalumikiza mawaya papolo, babu la pakhonde linayaka, poti swichi inatsala yotsegula. Dzuwa lili paliwombo, ilo ngwee, panyumba popanda munthu. Azimayi opita kumsika ankalambalala. Amuna anga anafuna kukazimitsa, ine ndinakaniza, chifukwa anthu akanati akukafufuza m'nyumbamo.

Ntchito inangouma. Amuna anga akafika pa bawo, nkhani inkasanduka ya mvula. Ine ndinkalongosola paliponse, kumpopi, kutchalitchi, mpaka kukhosi kuuma, koma ukamakana kwambiri ndiye anthu ankakuopa kwambiri. Zinkandiwawa, ndipo ndinkawakwiyira amuna anga ndi pakamwa pawopo.

Amayi anga atabwera kudzationa kuchokera kwa Kanduku, anakhala pamkeka kutali ndi soketi, mawu ochepa, kudya kongogwiragwira. Mkamwini wawo atangotuluka, anandikokera kuseri kwa khitchini n'kundinong'oneza:

"Mwanawe, usandibisire. Za ife kumudzi kuja, sanakanenepo kanthu?"