Mpopi wa pamgolo wathu

Bambo a Zuze, mpopi wa pamgolo wathu wachitsulo wathyoka. Ndinapita ku Bangula kukagula wina, wogulitsa n'kundifunsa kuti, “Agogo, mazinga ake ndi a saizi yanji, hafu inchi kapena firikota?” Ndinakumbuka tsiku munabwera nawo mgolowu pa njinga kuchokera ku minda ya nzimbe, thukuta lili kamukamu. Munandigwira dzanja n'kulowetsa chala changa chachikulu pabowo lomangapo mpopi, chinakwana ndendende. Munaseka n'kuti, “Mayi a Zuze, saizi yake ndi imeneyi. Musadzataye chalachi.” Ine ndinati, “Nanga ndisungirenji mawu achizungu, inu mulipo?”

Lero inu kulibe, munatisiya, ndipo chala chija chinatupa ndi nyamakazi, pabowo sichilowanso. Ndinayezabe nacho musitolomo, ndagula mpopi waukulu, ukukana kugwira mazinga. Zuze akuti, “Amayi, tayani chidzimbiri chimenecho, ndikugulirani wapulasitiki.” Ndamuyankha kuti nkhabe, mgolo wa bambo ako suchoka pakhonde pano ine ndili moyo. Ndatseka bowolo ndi chitsononkho chokulunga m'nsanza, koma madzi akudonthabe. Dzuwa la kuno mukulidziwa, ndipo miyendo yangayi siyingafike ku mjigo kawiri pa tsiku. Madzi amene ndatunga m'mawa akumafika masana atathera m'dothi. Ndikumangokhala pamkeka n'kumawayang'ana, bambo a Zuze, ndipo palibe woti ndimufunse.