Tsitsi langa ndi mawaya a ku Blantyre

Zinayamba m'nyengo yokumba kachewere, mwana wanga Tadala asanayambe kukwawa. Ndinkamva fungo ngati la chinthu chopserera, kenako osadziwanso kanthu. Anzanga ogulitsa nawo pamsika wa Kandeu ankati ndimangoti maso tong'o, n'kumatafuna mkamwa mulibe kanthu. Sindinkagwa, choncho palibe anaganizapo za khunyu.

Tsiku lina ndinatsitsimuka nditamasula nsalu, Tadala akulendewera kumsana. Apongozi anga, aNaJere, anamulanda pomwepo, nalamula kuti ndisamuberekenso. Ankabwera naye kudzayamwa basi, iwo ali chiimire pambali. Sindinawade, koma zinandipweteka koopsa.

Kuchipatala cha pa boma anandipima malungo ndi shuga, osapeza kanthu, ndipo ananditumiza ku Blantyre kukayezetsa ubongo. Poti ndi ulendo wa kutawuni, sindinafune kukaoneka wakumudzi. Mlamu wanga anandiluka tsitsi tsiku lathunthu, n'kulithira mafuta mpaka kuchita waliwali.

Nditafika kuchipatala cha ku Blantyre n'kudikira pabenchi m'mawa wonse, anamwino atangondiona anaseka. Anati timawaya ta makina oyezera ubongo timafunika kumata pakhungu louma, ndiye mafuta aja sakanalola. Ndinamasula luko lonse pampopi, n'kuchapa mutu ndi sopo wochapira zovala, manyazi atandigwira. Kenako anandimata timawayato, nandiuza kutsinzina ndi kupuma mwamphamvu. Sizinapweteke n'komwe.

Adokotala anandionetsa mizere pakompyuta. Yambiri inkayenda mofatsa, koma ya chakumanzere, pafupi ndi khutu, inkathamanga mothinana ngati mano a chipeso.

“Mayi, vuto likuyambira apa,” anatero. “Ndi khunyu, ngakhale simugwa. Si matenda opatsirana, ndipo mankhwala alipo.”

Masabata oyamba mapilitsi ankandigonetsa tulo, koma sindinadumphitse. Mwezi uliwonse ndimakatenga ena pa boma. Kukomoka kuja kunayamba kutalikirana, mpaka kunasiya. Adokotala atandiuza kuti ndingathe kulera ndekha, apongozi anangoti aona.

Lamulungu lina tikunyamuka kupita kutchalitchi, apongoziwo anandiitana okha, nandiuza kuti ndiwerame. Anandiika Tadala kumsana, ali chimwana cholemera choyenda kale, namanga nsalu okha. Mtsikanayo ankalimbana kuti atsike, koma ine sindinamutsitse mpaka kukafika.

Lero ndili bwino, ndipo ndimagulitsa ngati kale. Mukaona wina akungoti duu osayankha, musadikire kuti agwe. Pitani naye kuchipatala msanga. Ine ndinachedwa, ndipo mwana wanga anaphunzira kuyenda ali m'manja mwa ena.