Mafuta Ophikira M'kasitima ka Alamu

Kasitima ka alamu anga ndinakapha ndine, ndipo mpaka lero sakudziwa.

A Mateyu, achimwene a mkazi wanga, anabwera nako kuchokera ku Joni. Ndi kachidole kotchipa, kooneka ngati sitima ya malasha, koyenda ndi magetsi pa tinjanji tozungulira. Ukadontheza timafuta take m'chumuni, kamafuka utsi ngati sitima yeniyeni. Poti kwawo, kumtunda kwa Domasi Mission, kulibe magetsi, anakasiya kwathu.

"Musamakayendetse ine kulibe, alamu," anatero.

Ndinavomera. Koma tsiku lina mkazi wanga atapita kukapalira mpunga kudimba, ine bambo wa ana anayi ndinagwada pansi n'kukayatsa. Timafuta tija ndinatimaliza tsiku lomwelo. Poopa kuti azindikira, ndinathira mafuta ophikira m'kabotolo kake, ena m'chumuni kuti ndiyese. Kanayenda pang'ono, kanatulutsa fungo la mandasi, kenako kanaima.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, alamu anabwera n'kukayatsa, koma kanangoti zii. Anakanunkhiza nthawi yaitali.

"Ndi magetsi othimathimawa," ndinatero msangamsanga.

"Ayi, vuto ndi langa," anayankha motsitsa mawu. "Ndinasankha kotchipa. Pepani, ana anu sanasangalale nako mokwanira."

Anandipepesa, ine n'kuyankha kuti palibe kanthu.

Loweruka likubwerali akupita nako ku Zomba kwa wokonza mawailesi, amene akakatsegule ife tikuona. Andipempha kuti ndiwaperekeze, ati poti ndine amene ndakhala ndikukasamalira bwino. Bokosi lake ndinyamula ndine.