Tayala la Apongozi

Ndikukumbukira chaka chimene Lifuwu yense ankaimba nyimbo imodzi. Ndinali mu Sitandade 6, ndipo ndinkadziwika ndi zinthu ziwiri: kulongolola ndi kulemba bwino. Nyimboyo inali ya a Layisoni, bambo wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Mkati mwa sabata manja awo ankakhala bii ndi girizi, koma Loweruka ankasamba n'kutenga banjo yawo yopangira chigubu cha mafuta, anzawo awiri n'kumawathandiza ndi ng'oma ndi maseche. Anthu a wailesi atabwera ku Salima kudzajambula oimba, a Layisoni anapalasa njinga mpaka ku boma. Patatha mwezi tinangomva mawu awo akutuluka m'wailesi ya bambo anga. Amayi anasiya lichero pansi n'kuyamba kuvina, nkhuku n'kudya mpunga mwaufulu.

Nyimboyo inkatchedwa "Tayala la Apongozi". Inkanena za mkamwini amene wanyamula thumba la mpunga kupita kwa apongozi ake, tayala n'kumuphulikira panjira, iye n'kumadzifunsa ngati akankhe njinga kapena angokhala pansi aphike mpungawo. Pofika pophulika tayala, wang'oma ankamenya kamodzi mwamphamvu, phuu! Ife ana tikamaingitsa mbalame m'minda ya mpunga tinkaiimba n'kumadikira pomwepo kuti timenye zitini tonse pamodzi. Mbalame za chaka chimenecho zinavutika.

Kenako wailesi inalengeza mpikisano. Omvera asankhe nyimbo imene akuikonda, ndipo khumi zopambana zidzaikidwa pa mbale ya galamafoni. Zotsalazo zinali pa tepi chabe, ndipo tepi ankaifufuta n'kujambulapo zina. Muulutsi ananena momveka kuti aliyense atumize positikhadi yakeyake. Ndinamva ndi makutu angawa, ndikutsuka mbale pakhonde.

Koma masiku amenewo chilichonse kwathu chinkayenda pamndandanda. Makhadi a chipani, mphatso za alendo akuluakulu, ngakhale tsiku lothirira madzi m'munda, zonse zinkafuna pepala limodzi, mayina n'kundandalika pansi. Bambo anali mphunzitsi wamkulu, ndiye anthu anabwera kwa iwo kudzafunsa chochita.

"Tisachite zachibwana," anatero bambo. "Kalata imodzi yaulemu, mayina onse pansi pake, akaone kuti ku Lifuwu kuli anthu adongosolo. Alembe ndi Esinati."

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndinene za mapositikhadi. Nditamva dzina langa, ndinatseka. Ndani akanakana kukhala patebulo la bambo, atagwira cholembera chawo cha inki, mudzi wonse uli pamzere? Ine wolongolola uja ndinakhala chete tsiku lokhalo limene kulongolola kukanathandiza.

Ndinalemba masiku atatu. Kunabwera asodzi akununkha usipa, amayi a matope mpaka m'mawondo, ngakhale ashehe amene ankati nyimbo za banjo n'zachabe. Osadziwa kulemba ankadinda chala, ena n'kupukutira inki m'mutu. Mayina anadzaza masamba anayi. A Layisoni anabwera pomaliza, atapukuta manja pa kabudula kawiri konse.

"Ulembe bwino, mayi," anandiuza. "Adzukulu anga adzandimve."

Zotsatira anaulutsa Loweruka masana. Mabatire tinali titawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asatichititse manyazi. Anthu anadzaza pabwalo la sukulu, wailesi ili pampando ngati mlendo. Muulutsi anatchula nyimbo ya nambala khumi, ya naini, n'kumatsika choncho. Ife tinkangomwetulira, poganiza kuti yathu aisungira kumapeto. Yoyamba itatchulidwa, inali ya gulu lina la m'tauni.

Ndiye muulutsi anawonjezera kuti ali ndi moni wapadera kwa anthu a ku Lifuwu. Anati alandira kalata yolembedwa mwaluso kwambiri, moti aipachika pakhoma, koma malinga ndi lamulo kalata imodzi aiwerenga ngati munthu mmodzi.

Bambo anazimitsa wailesi n'kuilowetsa m'nyumba osayang'ana munthu. A Layisoni anaseka pang'ono, nati, "Basi, tayala laphulikadi," n'kubwerera kumsika kukamata chubu cha munthu amene ankawadikira. Ine ndinathawira m'munda wa chinangwa n'kulira mpaka maso anatupa. Anthu ankati ndikulirira nyimbo, ndipo amayi ena anandipatsa nzimbe pondiyamikira kuti dzanja langa latchuka dziko lonse. Nzimbe ija ndinadya, koma sinatsekemere.

Nyimboyo inamvekanso kawiri kapena katatu, kenako basi. A Layisoni anapitiriza kukonza njinga mpaka anamwalira, ndipo banjo ija inadyedwa ndi dzimbiri.

Lero zinthu zinasintha. Ana amasankha nyimbo pafoni, aliyense payekha, osafunsa mphunzitsi wamkulu. Amandiuza kuti palibe nyimbo yosapezeka, koma tafufuza "Tayala la Apongozi" mpaka kutopa. Ndimaisowa kwambiri, ndipo ndikamva njinga ikuphulika tayala mumsewu mtima umandidumpha ngati ndili ndi chitini m'manja.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina wogulitsa mpunga ku Salima. Anati ndi mdzukulu wa a Layisoni, ndipo anamva kuti ine ndi amene ndatsala woidziwa nyimbo ya agogo ake. Ndinamukhazika pamkeka n'kumuuza zonse, ngakhale za mapositikhadi zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Sanandikalipire. Anangoyatsa foni n'kuti, "Imbani, agogo."

Ndinaimba ndime ziwiri, yachitatu inandithawa. Pophulika tayala ndinamenya chidebe. Mtsikanayo anapita akumvetsera foni yake, akuseka yekha panjira. Adzukulu a a Layisoni anaimva nyimbo ija, koma mawu amene akumva ndi anga.