Aphunzitsi ndi khadi la kusikelo

M'mawa uliwonse aphunzitsi ena opuma pantchito amapukuta magalasi pakhonde, kudikira owabweretsera mapepala a Chingerezi. Amati, "Chingerezi sawerenga mtima uli m'mwamba."

Dzulo mayi wa khanda woyandikana nawo anaima pageti kwa nthawi, mwana kumsana, khadi la kusikelo lili m'manja. Anamwino anangoti mwana watsika sikelo, n'kulembapo. Iye anachita manyazi kufunsa.

"Agogo, ndi matenda kodi?"

Aphunzitsi anayendetsa chala pakhadipo, n'kuima pa liwu lakuti "slightly".

"Ili limatanthauza pang'ono chabe, mwana wanga. Akanalemba 'severely', bwenzi tikuthamangira kuchipatala."

"Nanga pang'onopo pakamapitirira?"

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Zimenezo Chingerezi sichinena. Tandipatsa mwanayo, ndimuyeze ndi manja angawa."